Apongozi akufuna nsengwa ya mwana wanga ikakwiriridwe ku Katete, kodi kuchipatala amapereka?

Membala wosatchula dzina

Azimayi anzanga ndithandizeni nzeru. Ma admin chonde dzina langa lisaoneke, azilamu anga ali m'gulu lomwe lino. Ndili ndi pakati pa miyezi 8, mimba yoyamba. Timakhala ku Chawama kuno ku Lusaka, m'nyumba yalendi, pa puloti pathu tilipo mabanja angapo, chimbudzi n'chimodzi. Apongozi anga aakazi afika kuchokera ku Katete kudzandidikirira. Ndi mayi wabwino, sindinganame, chifikireni sandilola ngakhale kunyamula chidebe cha madzi. Koma pali nkhani imodzi yomwe yatisowetsa mtendere m'nyumba.

Akuti ndikachira nsengwa isatsale kuchipatala. Akufuna aitenge akaikwirire okha, ndipo ngati kuno kulibe malo akwera nayo basi mpaka kumudzi. Akuti ikagwera m'manja mwa anthu osadziwika akhoza kunditseka nayo m'mimba, osadzaonanso mwana. Abweretsanso mankhwala opaka pamchombo kuti ugwe msanga. Ndawaona, ndi kaufa kakuda kokulunga m'pepala, akuti anawotcha kaphesi ka dzungu n'kusinja.

Amuna anga akungoti zimenezo n'za azimayi, mukambirane nokha. Mayi anga anatisiya kalekale, ndilibe wamkulu wondiyankhulira. Ndiye ndikufunsa: kodi nsengwa kuchipatala amapita nayo kuti? Munthu ukapempha amakupatsa? Nanga mankhwala apamchombowa ndilole? Sindikufuna kunyoza apongozi, komanso mtima wanga sukukhazikika.

Naphiri wa ku Matero

Asisi musade nkhawa. Ana anga onse ndinachirira kuchipatala kuno ku Lusaka, nsengwa zonse zinatsala konko, ndipo mimba zinkabwera bwinobwino motsatana. Palibe ananditseka.

Amake Tadala

Funsani ku sikelo mukapitanso. Anamwino anazolowera mafunso amenewa, simuli oyamba.

Mzamba Nabanda

Mayi, ine ndine mzamba, ntchito yanga ndi ya m'chipinda chochiriramo. Ndikufotokozerani zomwe zimachitika kuti mukakhale pansi ndi apongozi anu mukudziwa chomwe mukunena.

Mwana akangotuluka timamugoneka pachifuwa panu, tikumupukuta. Mchombo sitidula nthawi yomweyo ngati mwanayo akupuma bwino. Timadikira mphindi imodzi mpaka 3, monga momwe bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limalangizira, kuti magazi amene akadali m'nsengwa atsikire mwa mwana. Magazi amenewo amamuthandiza kuti asadzaperewere magazi m'miyezi yoyambirira. Kenako timapana malo awiri n'kudula pakati ndi chida chowiritsidwa. Mchombo ulibe mitsempha yomvera ululu, choncho mwana samva kanthu, inunso simumva. Kwa mwana kumatsala kachidutswa kakafupi kokhala ndi kopanira ka pulasitiki.

Inuyo timakubayani jakisoni wa oxytocin pantchafu kuti chiberekero chikokane, nsengwa imatuke ituluke. Nthawi zambiri imatuluka pasanathe mphindi 30. Ndi chinthu chofiira moderapo, chophwatalala mozungulira, cholemera pafupifupi theka la kilo. Ikatuluka sitithamangira kutaya ayi. Timaiika m'mbale n'kuitembenuza, kuyang'ana mbali yomwe inamatirira kuchiberekero ngati zigawo zake zonse zilipo, kuyang'ana nembanemba zake, kuwerenganso mitsempha ya mumchombo, yomwe imayenera kukhala itatu. Kachidutswa kakang'ono kakatsalira m'kati, chiberekero chimalephera kukokana ndipo mayi amataya magazi, kapena patapita masiku amayamba kutentha thupi ndi kutuluka zonunkha. Kutaya magazi pambuyo pochira ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimapha azimayi kwambiri. Kwa ine nkhani yaikulu ya nsengwa ili pamenepa, kuti ituluke yonse, ndipo wodziwa aione ndi maso.

Tikatha, imalowa m'thumba la zinyalala zoopsa. Zipatala zina zimawotcha m'ng'anjo ya chipatala, zina zili ndi dzenje lakelake lomangidwa ndi simenti, lokhala ndi chivundikiro, lomwe ndi la nsengwa zokha. Pathumbapo salembapo dzina lanu. Zimasakanikirana ndi za azimayi ena onse a tsiku limenelo, moti ngakhale ineyo mutandifunsa mawa lake kuti yanga ndi iti, sindingaidziwe. Chifukwa chomwe timaisamalira chonchi n'chakuti ndi nyama yodzaza magazi, imatha kukhala ndi HIV kapena hepatitis B, ndipo imawola msanga.

Zoti akupatseni, chipatala chilichonse chili ndi kachitidwe kake. Funsani kwa sisitala wamkulu wa ku maternity komwe mukachirire, panopa mukadali ndi mphamvu, osadikira tsiku la matenda. Koma za ufa wakudawo sindikuzungulira: pamchombo pasapite kanthu.

Ambuya Nambewe

Mwanawe, ine ndine wamkulu, kwathu ndi ku Chadiza, ndakhala ku Kaunda Square zaka zambiri. Azamba anena zoona, sindikutsutsa. Koma ndikufuna umve chomwe chili mumtima mwa apongozi ako, usawaone ngati munthu wosadziwa zinthu.

Kale tinkachirira m'nyumba. Munkalowa azamba akumudzi ndi azimayi akuluakulu okhaokha, mwamuna kunja, ana kutali. Nsengwa ikatuluka, ntchito yokwirira inali ya mayi wamkulu wapabanja, amene unkamukhulupirira ndi moyo wako. Ankakumba mwakachetechete, ena kuseri kwa nyumba, ena m'nyumba momwemo pakona, n'kutsendera dothi kuti galu asafukule. Malowo ankawadziwa anthu awiri kapena atatu basi. Pamudzi pamakhala mikangano, pamakhala nsanje, ndiye chinthu chotuluka m'thupi mwako sunkachisiya poyera. Mkazi akakhala zaka osatenganso pakati, funso loyamba linali lakuti anakwirira ndani. Ndiye apongozi ako akamati ndikakwirira ndekha, akunena kuti udindo umenewo ndausenza ine, mawa pasadzapezeke wondiloza chala kuti sindinasamale mkazi wa mwana wanga. Mayi ako kulibe, iwo adziika pamalo pa mayi ako. Chimenecho usachipeputse.

Koma kuno ndi ku tauni. Ana anga aakazi anachirira kuchipatala, nsengwa sitinatenge, ndipo ine ndinavomera chifukwa ndinaona kuti chomwe tinkafuna kale, kuti isaonedwe ndi anthu, galu asaigwire, wachipongwe asaidziwe, kuchipatala chikuchitika. Chomwe ine sindinalole kuti chitayike ndi kamchombo kakagwa. Kameneko ndinkatola ndekha, kukulunga pakansanza, n'kukakwirira kumudzi. Munthu amafunika akhale ndi kwawo komwe kuli mchombo wake. Uwauze apongozi ako kuti kameneko n'kawo, palibe awalande.

Membala wosatchula dzina

Ambuya zikomo, mwandigwetsa misozi. Zoti akudziika pamalo pa mayi anga n'zoona ndithu, dzulo amandisokera timatewera mpaka usiku. Azamba, nanga ndikawauza kuti ufa uja ayi, ndiwauze kuti chifukwa chake n'chiyani? Iwo akuti ana awo onse anawapaka ndipo ali moyo, kuphatikizapo amuna angawa.

Mzamba Nabanda

Ali moyo inde, ndipo tikuthokoza. Koma m'midzi momwemo munalinso makanda ambiri omwe ankafa sabata yoyamba kapena yachiwiri, atasiya kuyamwa, nsagwada zitauma, thupi likukokeka. Matenda amenewo ndi kafumbata. Tizilombo take timakhala m'dothi, m'fumbi ndi m'ndowe, ndipo timalowera pamchombo pomwepo, kudzera pa lezala lakale kapena zopakazo. Apongozi anu mukawafunsa mwaulemu ngati anaonapo khanda lotere, ndikhulupirira ayankha kuti inde. Masiku ano zinachepa kwambiri chifukwa cha katemera amene mumabayidwa pamkono ku sikelo uja, komanso chifukwa chodula mchombo mwaukhondo.

Kupatula kafumbata, pali tizilombo tina tomwe timayambitsa mafinya. Mchombo usanapole, mitsempha yake imakhala isanatsekeke bwino, ndipo umodzi umalunjika kuchiwindi cha mwana. Tizilombo tikalowa pamenepo sitichedwa kufalikira m'magazi. Phulusa, mwaye, makala, pauda, Vaseline, mafuta ophikira, mkaka wam'mawere, zonsezi timaziona, ndipo zonse timaletsa. Ufa wa apongozi anuwo wayenda ulendo wautali m'pepala, wagwiridwa ndi manja, palibe angatsimikize zomwe zalowamo.

Chofunika n'chochepa. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire. Thewera lipindidwe lithere m'munsi mwa mchombo kuti mkodzo usafikepo ndipo mpweya uzipita. Pakagwera chimbudzi cha mwana, tsukani ndi madzi oyera, pukutani paume. Ngati kuchipatala akupatsani mankhwala otchedwa chlorhexidine, pakani monga akuuzirani, ndipo asayandikire m'maso mwa mwana. Ngati sanakupatseni, siyani pouma. Uyamba wotuwa ndi wofewa, kenako unyala, uda bii, uuma gwa, ndipo ugwa wokha, kawirikawiri pakati pa masiku 5 ndi 15. Osakoka ngakhale ukulendewera pa kaulusi.

Atate a Chimwemwe

Pepani kulowerera nkhani ya azimayi, koma gulu lino ndi la tonse. Ine ndimayendetsa galimoto pamsewu wa Great East. Kuchoka pa siteshoni ya mabasi ya Intercity kuno ku Lusaka kukafika ku Katete ndi makilomita pafupifupi 500, tsiku lonse lili panjira, ndipo amene anadutsapo pa mlatho wa Luangwa akudziwa momwe kumatenthera kuchigwa kuja. Chinthu cha magazi sichingafike bwino. Komanso apolisi pa roadblock akatsegula chikwama n'kupeza zimenezo, amayiwo adzafotokoza bwanji? Zikhoza kusanduka nkhani ina yomwe sanaiganizire.

Kukwirira pa puloti yalendi nakonso ayi. Ku Chawama, Kanyama, Misisi, madzi apansi ali pafupi, miyala ili paliponse, sungakumbe mozama. Mvula ikagwa madzi amasefukira n'kusakaniza za m'zimbudzi ndi za m'zitsime, n'chifukwa chake kolera amativuta, tonse tikukumbuka momwe Heroes Stadium inadzadzira odwala kumayambiriro kwa 2024. Ndipo agalu a m'komboni safuna kuitanidwa.

Koma mawu anga enieni akupita kwa amuna anu, achemwali. Amayiwo ndi amayi awo. Iwo ndiwo ayenera kukhala nawo pansi. Kumusiyira mkazi wa miyezi 8 kuti alimbane yekha ndi apongozi si bwino.

Amake Tadala

Atate a Chimwemwe mwalasa. Azibambo ambiri amathawira ku mawu akuti n'za azimayi.

Amake Yamikani

Ndinali chete koma ndiyankhule. Mwana wanga woyamba anapakidwa zinthu pamchombo ndi azakhali anga ine ndili kosamba. Anali ndi cholinga chabwino, ankafuna tituluke m'chikuta msanga chifukwa ankabwerera kumudzi. Patangopita masiku ochepa khungu lozungulira mchombo linafiira, kufiirako kukukulirakulira pamimba, pakutuluka mafinya achikasu onunkha. Mwana anasiya kuyamwa, kulira kwake kunali kofooka, ukamunyamula ali lende. Tinathamangira ku kiliniki usiku, anatitumiza kuchipatala chachikulu, anamugoneka akulandira majakisoni kudzera pa kachubu padzanja. Kadzanja kakhanda atakamanga bandeji, mayi iwe uli pampando wapulasitiki usiku wonse ukufinya mkaka m'kapu. Anachira, pano ali kusukulu. Koma azakhali angawo mpaka lero sadzikhululukira. Asisi, kuwakaniza apongozi anu lero ndi kuwateteza iwonso.

Mlongo mwa Ambuye

Zonsezi ndi mantha chabe. Mwana ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, palibe mfiti ingatseke chomwe Mulungu watsegula. Muwauze apongozi atenthe mankhwalawo, muitane abusa apemphere.

Ambuya Nambewe

Mwana wanga, nanenso ndine wa Chigwirizano, ndimavala yunifolomu Lachinayi lililonse. Kupemphera tipemphere. Koma mtsikanayu akakawauza apongozi ake kuti zanuzi n'zausatana, banja lake ulisamala ndiwe? Mawu oterewa amapasula. Munthu wamkulu umamufikira pansipansi.

Naphiri wa ku Matero

Azamba ndifunseko pomwepa. Ife anatiuza kuti mchombo ukamagwa usakhudze kumaso, ndiye kuti kumaliseche, kwa mwana, makamaka wamwamuna, akuti sadzabereka. Ine ndinkagona tulo ta mantha, ndikumangoyang'ana thewera. Zilipo zimenezi?

Mzamba Nabanda

Anaphiri, chikhulupiriro chimenecho chili ponseponse, kuno ku Zambia ngakhale ku Malawi. Kuchipatala sitipeza kugwirizana kulikonse. Kamchombo kouma ndi khungu lakufa, kalibe mphamvu pa ziwalo zoberekera. Koma sindilimbana nacho kwambiri chikhulupiriro ichi, chifukwa mukapinda thewera m'munsi mwa mchombo monga ndanenera, mwatseka kale kumasoko, ukagwa ugwera pamalaya. Agogo akhutira, ifenso takhutira. Chomwe ndimakana ndi kumanga mimba ya mwana ndi nsalu yothina kapena kuudula usanagwe pofuna kupewa zimenezo.

Pomwepo ndinene za mchombo wotupa, uja umatuluka mwana akamalira. Si chifukwa choti azamba anadula molakwika, kapena kuti simunapake mankhwala. Ndi kampata ka minofu ya pamimba komwe sikanatsekeke, ndipo mwa ana ambiri kamatsekeka kokha akamakula. Kumangirirapo ndalama yachitsulo sikuthandiza, kumangonyula khungu. Muzionetsa ku sikelo ya ana. Mchombo wotupawo ukalimba gwa, osabwerera m'kati, mwana akusanza ndi kulira kwambiri, pamenepo thamangani.

Chisomo M.

Ine ndinaona pa YouTube azungu amaumitsa nsengwa n'kupanga makapisozi, mayi n'kumamwa, akuti mkaka umachuluka. Ena sadula n'komwe mchombo, amayenda nayo nsengwa mpaka igwe yokha. Ndiye apongoziwo sakulakwa kwambiri, dziko lonse anthu amaisunga.

Mzamba Nabanda

Zilipo, koma palibe umboni woti kudya nsengwa kumachulukitsa mkaka kapena kubwezera magazi. Mu 2017 bungwe la CDC, loona za matenda ku America, linalengeza za khanda lina ku Oregon lomwe linadwala matenda a m'magazi kawiri, ndipo tizilombo tomwe tinapezeka mwa mwanayo tinapezekanso m'makapisozi omwe mayi ake ankamwa. Zosiya mwana alumikizike ku nsengwa masiku angapo, ganizirani kutentha kwa October kuno ku Lusaka, nyama yomwe magazi sakuyendamo ili pambali pa khanda. Ayi ndithu. Mkaka umachuluka mwana akamayamwa pafupipafupi, usana ndi usiku, mayi akudya ndi kumwa mokwanira.

Amake Dalitso

Ine ndine wa ku Mchinji, ndinakwatiwa kuno. Kwathu chimodzimodzi, masiku ano ambiri akuchirira kuchipatala ndipo nsengwa imatsala konko. Mwambo womwe watsala wamphamvu ndi wa chikuta. Mayi ndi mwana satuluka mpaka mchombo utagwa, alendo sanyamula mwana mwachisawawa. Ukagwa ndiye amameta mwana tsitsi, kumusambitsa, kumutulutsa panja, kumupatsa dzina. Apongozi anu apatseni zimenezi zonse aziyendetse iwo. Kungoti chikuta chisakuletseni kupita ku sikelo tsiku lomwe anamwino akulemberani, amafuna aone mchombo ndi inuyo m'masiku oyambirira omwewo.

Membala wosatchula dzina

Ndabweranso. Usiku ndinawaonetsa amuna anga zomwe mwalemba, makamaka za Atate a Chimwemwe ndi za Amake Yamikani. Anakhala chete nthawi yaitali, m'mawa uno ayankhula ndi amayi awo ine ndili panja. Za basi avomera kuti sizingatheke. Za kamchombo kouma akondwa kwambiri, akuti akakwirira patsinde pa nthochi kuseri kwa nyumba yawo, pomwe pali ya ana awo, ndipo apita nako akamabwerera. Koma akuti akufuna aione nsengwayo ndi maso awo isanatayidwe, kuti mtima ukhale pansi. Za ufa uja sanayankhe, angoubweza m'chikwama. Ndikuopa kuti mwina adzapaka ine ndili m'tulo.

Amake Yamikani

Musawasiyire mpata wosambitsa mwana okha mchombo usanagwe. Muzisambitsa limodzi, inu mukhale pomwepo. Mukafuna kukasamba, amuna anu akhale ndi mwana.

Ambuya Nambewe

Kubweza m'chikwama n'kuvomera kwa munthu wamkulu, mwanawe, sangakuuze ndi pakamwa kuti ndagonja. Koma usangodalira zimenezo. Upite nawo ku sikelo, amve okha kwa anamwino. Mawu omwewo akachokera kwa mpongozi amawawa, akachokera kwa a yunifolomu amalowa. Ndipo uwapatse ntchito pamchombopo: iwo ndiwo aziyang'anira m'mawa uliwonse ngati pali pouma, iwo ndiwo apinde thewera, iwo ndiwo adzatole ukagwa.

Mzamba Nabanda

Ambuya anena bwino, bwerani nawo ku sikelo, timakonda kulankhula ndi odikirira chifukwa ndiwo amasamala mwana kunyumba. Zoti aione nsengwa, m'zipatala zambiri za boma odikirira salowa m'chipinda chochiriramo chifukwa mumakhala azimayi ena ali maliseche. Koma inuyo muli ndi ufulu wopempha kuti akuonetseni. Munene pofika pomwe, mzamba akamakulembani, kuti ikatuluka ndikufuna ndiione ndipo mundiuze ngati yatuluka yonse. Mukatero mudzawauza apongozi zomwe mwaona ndi maso anu. Ngati sisitala wamkulu angalole kuti iwonso aitanidwe aione, zimenezo mukapemphe sabata ino.

Mukatuluka m'chipatala, nonse atatu mudziwe zizindikiro zobwerera msanga osadikira kuche. Kwa mwana: khungu lozungulira mchombo kufiira kapena kutupa, mafinya, fungo loipa, magazi osaleka, kukana bere, kutentha kapena kuzizira thupi, kupuma mothamanga, kukokeka. Timadontho tochepa ta magazi tsiku lomwe wagwa si vuto. Pakatsala kanyama kofiira konyowa patapita masiku utagwa, kaonetseni ku kiliniki, amakapoletsa mosavuta. Kwa inuyo mayi: magazi ochuluka onyowetsa pad msangamsanga kapena otuluka zibuma zikuluzikulu, chizungulire, kutentha thupi, zotuluka zonunkha, mutu waukulu ndi kusaona bwino. Ndalama ya taxi ya usiku muiike padera kuyambira lero, ndipo nambala ya woyendetsa amene mumamudziwa ikhale mu foni ya amuna anu ndi ya apongozi.